Ziyala ya Asiyatu

Anastazia atamva sutikesi ikugunda masitepe, anadziwiratu: Asiyatu wafika. Masabata atatu onse ankadziuza kuti amuimbira foni, koma akaigwira inkalemera ngati njerwa.

Nkhani yake inali iyi. Asiyatu, mayi wa ku Machinga wosamalira okalamba ku Finglas, ankagona pamatiresi m'chipinda cha Anastazia ku Rathmines, dzina lake losalembedwa pa pepala la lendi. Atangonyamuka ulendo wa ziyala ku Morocco, kokaona mizikiti yakale ndi manda a mashehe, landilodi anatulukira kudzayendera nyumba. Anapeza pogona patatu. Anati awiri basi, apo ayi nonse panja. Panja pake pati, mu Dublin muno momwe anthu fifite amaima pamzere kulimbirana kachipinda kamodzi? Anastazia sanaphethire n'komwe. Anati matiresiwo ndi a mlendo, anapita kalekale. Dzina lachiwiri analemba la mng'ono wake, Louisa, amene ankagonanso momwemo. Magazi ndi magazi, eti? Ankadzitonthoza choncho. Katundu wa Asiyatu anali m'majumbo akuda kuchipinda.

Asiyatu analowa akumwetulira, nakhala pampando osavula n'jekete yomwe. Nkhani zinayamba kukhuthuka: mzikiti wa ku Fez wa zipilala zosawerengeka, sikiri ya kumeneko yomukumbutsa ya kwawo, mapazi otupa ndi kuyenda. Anastazia ankangoti "eya, eya," ataima motchinga chitseko cha kuchipinda. Manyazi ankamudya wamoyo.

Kenako Asiyatu anatulutsa kabotolo ka mafuta onunkhira.

"Aka n'kanu, achemwali," anatero. "Ndiye pa manda a shehe wamkulu paja anatiuza kuti aliyense apemphe kwa Mulungu chimene mtima ukufunitsitsa. Ine ndinangotchula dzina lanu. Ndinati mayi ameneyu ndi Mkatolika, si m'bale wanga, koma anandipatsa pogona ndilibe kolowera. Asadzagone panja moyo wake wonse."

Anastazia analandira ndi manja awiri. Bwenzi bola akanamutukwana.

"Tsopano ndikatsamireko pang'ono, msana wandipha," anatero Asiyatu, nadzuka kulunjika kuchipinda.

Anastazia sanasunthe pachitsekopo.

"Achemwali," anatero mawu ali pansi, "tayambani mwakhala kaye."