Magazi a Hamidu

Safiya Chande ankapeta mpunga pakhonde pake kwa Malenga Chanzi pamene galimoto ya ofufuza za malungo inaima pansi pa mtengo wa mango. Anamuzindikira mtsikana amene anatsikayo. Anali Lusungu, yemwe anatenga magazi a Hamidu kuchipatala chaka chatha, mwanayo asanamwalire.

Lusungu anakhala pamkeka, napepesa maliro. Kenaka anatulutsa chithunzi chachikulu.

"Mayi, magazi aja tinawatumiza kunja. Kumeneko kuli makina atsopano ounikira ndi kuwala tinthu ting'onoting'ono timene maikulosikopu ya kuchipatala singatione. Chofiirachi ndi magazi a mwana wanu. Tobiriwirati ndi timabowo timene kachilombo ka malungo kamadyera. Palibe anationapo bwino chonchi, moti chithunzichi chapambana mpikisano."

Safiya anachiyang'ana. Chinali chokongola ngati chitenje chovala pa Idi, ndipo kukongolako ndi kumene kunamuwiritsa mtima. Anaika lichero pansi, nalandira chithunzicho.

"Chapambana," anatero. "Tsiku limene munamubaya singano lija, mankhwala kunalibe. Ndinamubereka kumbuyo ndikuthamangira kumsewu, thupi lake likundiwotcha msana. Magazi ake anapeza galimoto, anakwera ndege, anakafika ali bwinobwino. Mwini wake magaziwo anasowa ambulansi."

"Zimenezi zithandiza kupanga mankhwala atsopano, mayi."

"Nanga akale omwewo anali kuti?"

Lusungu anaweramitsa mutu. Kenaka ananena chimene anamutuma: akuluakulu ake ankafuna Safiya akakhale nawo pamwambo woonetsa chithunzicho ku Lilongwe.

"Ndikakhale chokongoletsa mwambo wanu?"

Safiya anafuna kuchikhadzula pakati chithunzicho, koma anali magazi a mwana wake. Anachibweza m'manja mwa mtsikanayo.

"Ndibwera. Koma ndikalankhula ndekha, ndipo inu mukamasulire mawu anga osathiramo shuga."

Anapitadi. Anaima kutsogolo kwa chithunzicho, chitakulitsidwa kudzaza khoma, n'kuwauza alendo ovala masuti mmene Hamidu ankakomokera ali kumsana kwake m'mbali mwa msewu. Anawafunsa kuti maso awo akuthwawo ankayang'ana kuti tsiku limenelo.

Wotsogolera mwambo anakodola Lusungu kuti afupikitse. Lusungu anayang'ana kumbali, namasulira zonse mpaka kumapeto. Palibe anawomba m'manja.