Tsiku Limene a Harlan Anazimitsa Majenereta

Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, magetsi onse a pachilumba cha Block ankadutsa m'manja mwa a Harlan Peckham. Iwo ndiwo ankayang'anira majenereta a dizilo kumtunda kwa doko. Ankawathira mafuta, kuwasintha oyilo, n'kumawamvetsera ngati namwino womvetsera chifuwa cha wodwala. Ina ikayamba kutsokomola iwo ali pachakudya, ankasiya foloko m'mbale n'kuliyatsa liwiro foni isanalire, poti phokoso lake linkafika mpaka kukhitchini kwawo.

Ndiye itamveka nkhani yoti m'nyanja mumangidwe makina asanu opukusa magetsi ndi mphepo, aliyense anangoti mbali ya a Harlan ndi yodziwikiratu. Ndani angavomereze chinthu chomulanda ntchito?

Tsiku la msonkhano, mlamu wawo a Otis, msodzi wa nkhanu wolongolola, anawagwira mkono pakhomo la holo.

"Alamu, lero muwatsuke m'maso anthuwa. Mafani a mphepo amenewa atiwonongera nyanja, inu n'kumangokhala pakhonde kuwerenga mbalame. Ine ndikatsegula pakamwa amati Otis wayambapo. Koma inu akumverani."

"Ndiyankhula," anatero a Harlan.

Anadikira eni mahotela amalize kudandaula zoti alendo asiya kubwera, kenako anaimirira chipewa chili m'manja.

"Nonse mukundidziwa. Majenereta aja ndimawakonda kuposa mmene ena muno amakondera akazi awo." Anthu anafa nacho chiseko. "Koma ndine amene ndimalandira matanki a dizilo akamatsika m'sitima. Ndine amene ndimakwera kukapala mwaye m'chumuni. Umene ndimapalawo ndi wochepa. Wambiri umakwera m'mwamba n'kukatsikira m'zifuwa za ana anu. Chonsecho mphepo pano imangotigwetsera mipanda chaka chonse, ilibe chochita. Tiyeni tiilembe ntchito. Yangayi ndaigwira, yakwana."

Mphunzitsi wina kumbuyo anayamba kuwomba m'manja, ena n'kutsatira. A Otis anakankha mpando n'kutuluka.

Miyezi isanu a Otis sanaponde pakhomo pa mlamu wawo. Pa Khirisimasi anabwera chifukwa mlongo wawo Verna, mkazi wa a Harlan, anachita kuwaopseza. Ngakhale patebulo mawu ankadutsira mwa iye.

"Verna, uza mwamuna wako andipatsire mbatatayo."

"Ali pompo, ndipo makutu ali nawo," anayankha Verna, osadzutsa mutu.

Zinawapweteka a Harlan, poti awiriwa anaphunzira kupalasa bwato limodzi ali ana. Koma mawu awo sanawabweze. Msonkhano uliwonse wa nkhaniyi ukaitanidwa kumtunda, ankavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kukwera sitima ya m'mawa, kukanena zomwe zija pamaso pa akuluakulu. Munthu amene kale kuyankha moni kunkamulemera, tsopano ankapempha yekha maikolofoni.

Panapita zaka. Makinawo anadzaimikidwa, oyera mbee, aliwonse ndi mapiko ake atatu, ndipo nthambo inayalidwa pansi pa nyanja mpaka kugombe.

M'mawa wina wa mwezi wa Meyi, abwana awo anawakodola. "A Harlan, palibe wina woti azimitse. Ndinu."

A Harlan anapukuta manja pansanza, ngakhale anali oyera kale. Anazimitsa jenereta yoyamba, kenako yachiwiri. Yomaliza inanjenjemera pang'ono n'kuti phee. Iwo maso anali pababu la kudenga. Silinaphethire n'komwe.

Atatuluka panja anamva achule akulira m'dambo la kuseri kwa shedi ya majenereta. Zaka zonsezi sankadziwa kuti mumakhala achule. Kutsidya kwa msewu, mayi wophika buledi anasuzumira pawindo, uvuni wake wamagetsi ukuyaka.

"Muzimitsa nthawi yanji, a Harlan? Ndikufuna ndiphuliretu."

"Ndazimitsa kalekale, mayi. Buledi wanuyo akupsa ndi mphepo."

Ntchito sinawathere yonse. Anawasiyira yolizako majenereta kamodzi pamwezi kuti asachite dzimbiri.

Patatha milungu iwiri, galimoto inaimba hutala pakhomo. Anali a Otis.

"Kwerani. Tikaone mafani anu aja."

Bwato litafika pansi pa makina oyamba, a Harlan anakweza mutu mpaka khosi kuwawa. Phiko limodzi lokha linali lalitali kuposa sitima yonyamula anthu, koma linkadutsa mofatsa, likungoti fuu, fuu. Anayamba kuwerenga mumtima nyumba zimene zinkayaka nthawi imeneyo: chipatala, sukulu, khitchini ya Verna.

A Otis sanayang'ane m'mwamba. Anaponya mbedza pafupi ndi miyendo yachitsulo ya makinawo, ndipo posakhalitsa anavuula nsomba yakuda yonenepa. Anaponyanso, inanso.

"Nkhono zamera pazitsulozi, ndiye nsomba zasamukira kuno," ananong'ona. "Musauze munthu, alamu. Mwamva?"

"Ndamva."

Madzulo ake a Harlan anauza Verna yekha. Pofika Loweruka pamalopo panali mabwato khumi ndi limodzi, ndipo mawu a Otis ankamveka mpaka kudoko, akulalatira aliyense kuti malowo anawatulukira ndi iwo.