Apongozi Abwera ku Mafizo

Bondo la Tupokigwe linayamba kuvuta chaka chimene anakwatitsa mwana wake womaliza. Akamatsika phiri ndi dengu la tiyi kumsana, linkachita kukukuta ngati mbuzi ikudya chimanga chouma. Kapitawo wa ku esiteti anali atamuuza kale mosapsatira kuti wothyola tiyi wotsalira m'mbuyo amalowedwa m'malo. Ntchito inali yomweyo basi. Mwamuna wake Gwakisa ankakhalira pamsewu ndi lole ya ku Tunduma, pakhomo n'kumangofika ngati mlendo.

Kuchipatala chaching'ono cha kumtunda kwa Tukuyu anamuuza kuti ndi nyamakazi ya m'mawondo. Iye anapempha jakisoni. M'malo mwake anamutumiza kwa Zuhura, mtsikana wa mafizo, wophunzitsa odwala masewera olimbitsa ziwalo, wochokera ku Tanga, amene ankabwera Lachinayi lokha n'kubwereka chipinda cha sikelo ya ana amayi akabalalika.

"Jakisoni palibe, mayi," anatero Zuhura. "Gonani pamphasapo, mukweze mwendo."

"Mtunda wonsewu ndayendera kudzagona chagada?"

"Eya. Ndipo mukamajomba, malo anu ndipatsa wina. Odikira ndi ambiri."

Anagona. Pambali pake panali Subilaga wogulitsa nthochi, mayi wa pakamwa posatseka. "Kwezani, a Tupo, kwezani! Mwendo umenewo munaukweza liti komaliza? Gwakisa akabwera adzatigulira soda."

Anaseka mpaka Zuhura kuwakalipira. Koma zinthu zopanda mutu zija zinagwira ntchito, aliyense n'kudabwa. Mvula isanathe, Tupokigwe ankatsika phiri osagwira mitengo, ndipo kapitawo anasiya kumuyang'ana cham'mbali.

Azibambo anali ochepa, moti Zuhura ankangowaika mbali ina ya chipinda chomwecho. Tsiku lina, Tupokigwe ali chagada mwendo uli m'mwamba, anamva Zuhura akulonjera munthu pakhomo.

"Lowani, agogo Mwakatobe, musaope."

Mayo ine! Anali bambo ake a Gwakisa. Zaka zonse za ukwati wake, Tupokigwe anali asanayang'anepo nkhope ya apongozi akewo, ndipo dzina lawo linali lisanatulukepo pakamwa pake. Ndi mmene mkazi woleredwa bwino amakhalira kwa Anyakyusa. Anadzifunditsa chitenje kumutu, nakwawa mpaka kukhomo lakuseri, nsapato n'kuzisiya pomwepo.

Zuhura anamupeza pafupi ndi mpope, atafundabe kumutu. Subilaga ndiye anafotokoza.

"Ndiye vuto lake n'chiyani?" anafunsa Zuhura. "Tipachika nsalu pakati."

"Nsalu imatseka makutu?" anatero Subilaga. "Azimva mpongozi wawo akubuula pansi? Iwe mwana, kwanu mumakhala bwanji?"

"Ndiye abwere tsiku lina."

"Tsiku liti? Iwe umabwera lina?"

Zuhura anakapempha kwa mkulu wa chipatala kuti agawe gulu pawiri. Anamuyankha kuti chipinda n'cha ana, galimoto yomubweretsa imabwerera ku Mbeya dzuwa likapendeka, ndipo pulogalamuyo inabwera yolembedwa kuti anthu azichitira pamodzi. Zinathera pomwepo.

Tupokigwe sanachedwe kuganiza. Apongozi akewo anali okalamba, mawondo awo onse awiri otupa. Kulimbirana mphasa ndi apongozi, anthu angati chiyani kutchalitchi? Anasiya kupita. Sanauze munthu, poti zoterezi sizilengezedwa. Zinamuwawa ndithu, koma analimba mtima poganiza kuti mkuluyo akuchira.

Anayesa kumachita yekha kunyumba. Koma ukaweruka kutiyi pali madzi, pali mbuzi, pali nthochi zofuna kusenda, ndipo wokuseketsa palibe. Anachita sabata zingapo n'kuleka. Bondo linabwerera mwakale, n'kuwonjeza. Subilaga anamuuza pamsika kuti malo ake anapatsidwa kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito. Kapitawo naye anayambanso kumuwerengera masiku: mwezi ukatha asanakwanitse muyezo wa tiyi, asabwerenso.

Lachinayi lina masana ankabwerera kumudzi motsimphina, dengu lisanadzaze, kudzera njira yopapatiza ya m'nthochi. Kutsogolo kunamveka chifuwa chadala, chija amatsokomola mwamuna wamkulu pofuna kuti mpongozi wake apatuke. Tupokigwe analowa m'nthochi, nafunda kumutu, nagwada. Bondo linalira, iye n'kuluma chitenje.

Ndodo inabwera ikugogoda pang'onopang'ono, phazi limodzi likukhwekhwereza. Mkuluyo anali ndi mnzake, ndipo ankachokera kumunda, osati kuchipatala. Nthawi inali ija anthu amakhala ali pamphasa kwa Zuhura.

"Bwanji mafizo aja munasiya?" anafunsa mnzakeyo.

"Ndinangopitako tsiku limodzi lija," anayankha a Mwakatobe mokweza, ngati akuuza nthochizo. "Mkazi wa mwana wanga ndi amene amadyetsa khomo lija. Ndimulande malo ine, munthu wotha kale? Azipita, achire. Ndamva akupeza bwino."

Tupokigwe anatsegula pakamwa. Mawu anali pafupi, ndipo mkuluyo anali poti akanatha kumugwira mkono. Koma mkazi saitana apongozi ake panjira. Ndodo inapitirira mpaka inasiya kumveka.

Atafuna kudzuka, bondo linakana. Anagwira thunthu la nthochi, nayesanso, koma linakanabe.