Chikwama cha Kuseri kwa Nyumba ya a Kooistra

"Masangweji a m'kantini," anatero Tjalling akulemba pa bolodi. "Tchizi wachepa."

"Tinalemba kale zimenezo mu Okutobala," anayankha Wietske. "Mu Malichi tinalembanso."

"Tchiziyo wachepabe."

Anali awiri okha m'kachipinda ka nyuzipepala ya sukulu, kuseri kwa laibulale. Tjalling ndiye anali mkonzi, wamtali ndi wokonda kulamula. Wietske anali mtolankhani yekhayo amene anatsala, anzawo onse atathawira kumasewera ndi kukwaya. Pa bolodi panali mitu itatu: masangweji, denga lodontha la shedi ya njinga, ndi funso loti kodi aphunzitsi amapita kuti patchuthi. Wietske ankaiyang'ana mituyo ngati mankhwala owawa.

Mayi Veenstra, mphunzitsi wowayang'anira, anasuzumira pakhomo ali ndi kapu ya khofi m'manja.

"Ana inu, ndikuchokera kwa a hedi. Akuti nyuzipepala ya mwezi watha anaipeza m'bini, mulu wonse, osatsegulidwa n'komwe. Yomalizayi ikapanda kuwerengedwa, chaka chamawa chipinda chino chikhala chosungiramo mipando. Tsamba loyamba ndilifuna Lachisanu masana."

"Lero ndi Lachitatu, mayi," anatero Tjalling.

"Masiku ndimawadziwa, Tjalling."

Mayiwo atachoka, Wietske anagoneka chibwano pa tebulo.

"Sukulu yonseyi ilibe chinsinsi ngakhale chimodzi? Palibe wobisa kalata m'buku la laibulale? Palibe wokonda munthu mwakachetechete kwa zaka zitatu?"

"Iwe ukufuna mzukwa. Pita ukaupeze, ndikupatsa tsamba lonse ndi chithunzi chomwe."

Masana a tsiku lomwelo zotsatira za mayeso a kalasi lomaliza zinatuluka. Pamene Wietske ankapalasa njinga kubwerera kwawo, mbendera zinali zitayamba kale kuoneka pamakoma a nyumba, iliyonse ili ndi chikwama cha sukulu chikulendewera kunsonga kwa mtengo wake, kuti msewu wonse udziwe kuti mwana wa pamenepo wakhoza. Pakhomo pena anthu ankakumbatirana. Nyumba yoyandikana nayo inali zii, yopanda mbendera, makatani otseka, ndipo Wietske anadutsapo mofulumira osayang'anako, monga aliyense amachitira.

Sanafune kufika msanga kwawo. Anapatukira ku kanjira ka m'mbali mwa ngalande, kuseri kwa nyumba zomalizira za tauniyo, kumene ankakonda kupalasa pang'onopang'ono akulota zake. Kumeneko ndi kumene anachiona.

Chinali chikwama chachikopa chakale, chofiirira, cha zingwe ziwiri, cha mtundu umene ana anasiya kunyamula kalekale. Mtengo wa mbendera umene chinkalendewerapo anaumangirira pa shedi ya m'munda, moyang'ana madzi ndi ng'ombe za kutsidya, kumene sikudutsa munthu. Wietske anatsika panjinga. Nyumbayo ankaidziwa. Inali ya bambo Kooistra, woyang'anira nyumba za sukulu, amene ankayenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno, namaima pakhomo lalikulu m'mawa uliwonse kulemba mayina a ochedwa. Ndipo sukulu yonse inkadziwa kuti a Kooistra alibe mwana.

Mwana wobisika! Mwina wa chikondi cha paunyamata, wokulira pachilumba china kwa mayi amene sanakwatiwenso, ndipo lero watumiza chikwama chake kwa bambo amene sanawaonepo. M'maganizo mwake Wietske anaona kale bwato, doko, ndi munthu ataima pamvula ali ndi kalata m'thumba.

"Iwe mtsikana, ukapitiriza kuweramira mpandawo ugwera m'ngalande. Geti ili apo."

Anali mayi wonenepa wa tsitsi loyera, atanyamula thireyi. Posakhalitsa Wietske anapezeka atakhala pa tebulo la m'munda, patsogolo pake pali khofi ndi chidutswa chachikulu cha keke ya pinki ya pachikondwerero. Mayiwo anati dzina lawo ndi Aukje, ndipo anaitana chakukhomo: "Sybren! Tuluka, mlendo woyamba wafika!"

Bambo Kooistra anatuluka ali ndi masokosi okha kumapazi. Popanda makiyi awo ankaoneka ochepa. Ataona mtsikanayo anaima chilili.

"Wietske Postma. Kalasi lachinayi. Wachedwa kasanu ndi kawiri chaka chino."

"Kasanu ndi kamodzi, bambo. Tsiku linalo anakweza mlatho kuti boti lidutse."

"Nonse mumati mlatho."

Wietske anayang'ana chikwama chija, kenaka anafunsa motsitsa mawu, monga momwe ankaganizira kuti zinsinsi zimafunsidwira.

"Mwanayo ali kuti?"

Mayi Aukje anaseka mpaka kutsokomola. Analoza amuna awo ndi mpeni wa keke.

"Mwanayo ndi uyu. Zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, wadazi."

"Aukje, taleka."

"Ndileke chiyani? Foni ya zotsatira yalira thu koloko, munthu wamkulu uyu anangoti khwii pampando ngati thumba la mbatata. Wakhoza, mwana wanga. Maphunziro onse."

Nkhaniyo inatuluka m'zidutswa, mayiwo akunena, bambowo akung'ung'udza. A Kooistra anasiya sukulu ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Kwa zaka zitatu zapitazi, Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse akaweruka, ankakwera sitima kupita ku mzinda wa Leeuwarden, ku sukulu ya akuluakulu. Aphunzitsi akawafunsa, ankati akupita kukasewera makhadi ndi anzawo. Chikwamacho chinali chomwe chija cha paubwana, chimene mayi Aukje anachipeza kudenga.

"Ine ndimati tichipachike kutsogolo, ngati anthu onse," anatero mayiwo. "Iye akuti ayi. Takangana ola lathunthu. Ndiye tagwirizana kuti ng'ombe zokha zidziwe."

Wietske anali atayiwala keke. Mutu wa nkhani unali ukuvina kale m'maso mwake, zilembo zikuluzikulu. Bambo Kooistra anauona nawonso, pakuti anali atakhala akuwerenga ana pankhope kwa zaka zambiri.

"Ndiwe wa nyuzipepala ija, eti?"

"Inde, bambo."

"Usalembe." Ananena mofatsa, akusisita m'mphepete mwa kapu. "Zaka makumi awiri ndakhala ndikuima pakhomo paja kuuza ana kuti sukulu si masewera. Ena ndinawabweza pangodya akuthawa, ndikuwagwira pakolala. Akamva kuti woyamba kuthawa ndinali ine, ndidzaima bwanji pamenepo? Ndipo aphunzitsi adzayamba kundisisita paphewa. Zimenezo sindingazipirire."

"Koma ndi nkhani yokongola, bambo."

"Ndi yanga."

Wietske anayang'ana mayi Aukje, koma iwo anangokweza mapewa. Ng'ombe ina inalira kutsidya.

"Ndalonjeza," anatero.

Lachinayi m'mawa Tjalling anamudikira pa shedi ya njinga.

"Mzukwa uja waupeza?"

"Sindinapeze kanthu."

"Nanga makutuwo afiiriranji?"

"Mphepo."

"Chabwino, mayi mphepo. Ndiye tsamba loyamba ndi tchizi. Ndikayeza kukhuthala kwake ndi rula, anthu aone umboni."

Popita m'kalasi Wietske anadutsa kuseri kwa laibulale. Anapeza bambo Kooistra atagwada pakhomo la kachipinda kawo, akuyeza m'lifupi mwake ndi tepi, pensulo ili kukhutu. A hedi anali atawatuma kale. Anayang'anana kamphindi, ndipo aliyense anathawitsa maso.

Tsiku lonse nkhaniyo inamuwotcha m'chifuwa. M'kalasi la mbiri yakale analephera kupirira. Anatsegula kope chakumapeto nayamba kulemba, osati kuti isindikizidwe, koma chifukwa inkakana kukhala m'kati. Analemba za mnyamata wosauka amene bambo ake ankhanza anamuchotsa pasukulu, akulira, kuti akakame ng'ombe. Analemba za munthu wachikulire m'sitima, mvula ikumenya windo, buku lili pamaondo. Pamene belu lomaliza linkalira, anali atadzaza masamba anayi, ndipo maso ake omwe anali atanyowa.

Anawang'amba masambawo bwinobwino napita nawo ku kaofesi ka bambo Kooistra, pafupi ndi khomo lalikulu. Munali fungo la sopo ndi mafuta a njinga. Pa alumali panali magolovesi osowa anzawo ndi maambulera oyiwalidwa.

"Iyi ndi yanu, bambo. Ilipo imodzi yokhayi. Sinalowe m'kompyuta, Tjalling sanaione. Muisunge kapena muiwotche."

"Nanga nyuzipepala yanu?"

"Tilemba za tchizi."

Bambowo anavala magalasi nayamba kuwerenga. Wietske anaima pakhomo akudikira kuona msozi woyamba. M'malo mwake anaona nsidze zikukwera, kenaka dzanja likufufuza cholembera chofiira, chija cholembera ochedwa.

"Bambo anga sanali ankhanza. Anali munthu wophika buledi, ankaimba pokanda ufa." Anakhwatcha mzere. "Ng'ombe? Ine ng'ombe ndimaziopa mpaka lero."

"Ndimaganiza kuti..."

"Ndipo apa akuti ndinkalira m'sitima. Ine m'sitima ndinkagona. Kawiri konse ndinapitirira siteshoni." Anakhwatchanso. "Mvula, mvula, apanso mvula. Kodi m'mutu mwakomo dzuwa silituluka?"

"Imakometsa nkhani, bambo."

"Masamu wandipatsa naini pa teni? Ndinapeza sikisi, mwana iwe, ndipo sikisiyo ndinachita kumukoka ndi mano. Zaka zitatu! Usandilande sikisi wanga."

Anafika tsamba lomaliza pepala lonse litafiira. Anavula magalasi, napukuta maso ndi chala chachikulu, ndipo Wietske sanathe kudziwa ngati kunali kuseka kapena china.

"Bodza ngati limeneli sindingalisunge m'kabati mwanga. Ndikadzafa Aukje adzalipeza, adzaliwerenga pamaliro, anthu n'kulira ng'ombe zimene sindinakamepo."

"Pepani, bambo. Ndipatseni ndikataye."

Anatambasula dzanja, koma bambowo sanampatse. Ankayang'ana pawindo la kaofesiko, kumene ana ankatuluka m'magulumagulu, akukankhana, zikwama zili paphewa limodzi. Mmodzi wa kalasi lomaliza anadutsa yekha, mutu uli pansi, atabwera kudzatenga mapepala a mayeso obwereza. Bambowo anamutsatira ndi maso mpaka anakhota pangodya.

"Mumatseka liti?"

"Mawa masana."

Anakoka kampando ndi phazi nakakankhira kwa mtsikanayo.

"Khala. Ulembe zimene ndikuuze, osawonjezerapo ngakhale dontho."

Wietske anakhala pansi msangamsanga, natsegula kope pamaondo.

"Dzina lanu ndilibise?"

"Lemba dzina. Ukabisa, ana aganiza kuti ndi a hedi." Anatsokomola, nakonza makiyi m'chiuno. "Yamba chonchi. Palibe anandichotsa pasukulu. Ndinathawa ndekha, Lachiwiri m'mawa, chifukwa kunali mayeso a masamu ndipo ndinkachita mantha."

Wietske analemba momwemo, liwu ndi liwu.