Mpiringidzo wa Pulofesa

"Ndinatseka, Amayi. Ndi dzanja lomweli."

"Ndiye wawuluka?"

"Zowulukazo sindikudziwa. Ine ndinatseka."

"Kavalo alibe mapiko, bambo, zala alibenso. Chitseko sichinathyoke, mpiringidzo uli bwinobwino. Tsono mundiuze kuti watuluka bwanji."

Wofunsayo anali mwini wa sukulu yophunzitsa kukwera akavalo, mayi wosaseka pantchito, amene aliyense ankangomutchula kuti Amayi. Woyankhayo anali wosesa m'khola, tsache likadali m'manja. Kochi, wophunzitsa akavalowo, anaima chapambali atagwira chingwe cha wothawayo, maso ali pansapato zake ngati wazigula lero. Wosesayo anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, ndipo ntchitoyo anamupezera ndi iyeyo.

Wothawayo dzina lake anali Pulofesa, chifukwa cha ubweya woyera wozungulira maso ake ngati magalasi. M'mawa umenewo, cha m'ma naini, anatuluka m'chipinda chake, n'kudutsa pageti pamene lole ya udzu inkalowa, n'kutsetsereka ndi msewu mosapupuluma. Anaimitsa basi. Wanjinga wina anakagwera mu ngalande. Kochi anakamupeza pabenchi ya mayi wogulitsa masamba, atamaliza kaloti, akuyamba kabichi. Pobwerera anthu anatuluka m'mashopu kudzaonerera, ndipo wometa tsitsi anakuwa ali pakhomo pake kuti, "Akulu, akuyendetsa mnzake ndani pamenepo?" Msewu wonse unafa ndi phwete.

Koma manyazi a pamsewuwo anali aang'ono. Aakulu anali oti Kochi ankadziwa bwino lomwe mmene kavalo wopanda zala amatsegulira chitseko.

Zinayamba nthawi ya mvula, ophunzira atasowa. Kochi anaona kuti Pulofesa amakonda kuseweretsa mpiringidzo ndi milomo, ndipo m'malo momuletsa, anayamba kudzifunsa ngati kavalo angamvetse kuti kachitsuloko kamayamba kakwezedwa, kenako n'kukokedwa. Funso likamulowa m'mutu Kochi silinkatuluka. Anaduladula kaloti, n'kudzaza thumba lamanzere la jekete, ndipo kwa masabata atatu ankamupatsa kachidutswa nthawi iliyonse akayandikira kukhoza. Tsiku limene chitseko chinatseguka, Kochi anasangalala kuposa tsiku lolandira satifiketi. M'mawa mwake anazindikira kuti palibe munthu amene angamuonetse zimenezi osachotsedwa ntchito. Mkuja wake anapeza kuti wophunzirayo wayamba kubwereza phunzirolo yekha, mphunzitsi palibe.

Loko sakanaika. M'khola la akavalo simulowa loko, chifukwa moto ukabuka palibe nthawi yofunafuna kiyi. Choncho ankangomanga kachingwe ka mtolo wa udzu pampiringidzopo, mfundo ziwiri, osauza munthu, poti kufotokoza za kachingweko kunali kuulula zonse. Chipinda cha Pulofesa ankasesa yekha, anthu n'kumamuyamikira kuti ndi wodzichepetsa. Lero lokha dokotala wa ziweto anabwera kudzaona kavalo wina wotsimphina, ndipo Kochi, maganizo ali kumwendo wotupawo, anangoti, "Alamu, tandigwirirani kwa Pulofesa." Mlamu wakeyo anasesa, anatseka, n'kutaya kachingweko m'bini, chifukwa lamulo lina la Amayi linali loti m'khola musapezeke kachingwe, kavalo angameze. Munthuyo sanaphwanye lamulo ndi limodzi lomwe, ndipo n'chifukwa chake tsopano anali pamlandu.

"Mwayambiranso kumwa?" anafunsa Amayi.

"Miyezi isanu ndi itatu sindinalawe, Amayi."

"Kochi, si inu munandilonjeza kuti anasiya?"

"Anasiya, Amayi."

Mawu awiri okhawo ndi amene anatuluka. Ena onse anali atafola pakhosi, okonzedwa bwino, koma loyamba linkakana kutsogola. Kochi anali wodziwika. Makolo ankabweretsa ana awo pasukulupo chifukwa cha iye, munthu wosamala amene kavalo wake sanagwetsepo mwana. Anayesa kudziuza kuti wosesa akhoza kupeza tsache kwina kulikonse. Atangoganiza choncho anadzichitira yekha manyazi.

"Pamsewu paja pakanafa munthu," anatero Amayi. "Sindingasunge munthu amene sakumbukira ngati watseka kapena ayi. Mumalize za lero. Mawa musabwere."

Wosesayo anatembenukira kwa Kochi, ndipo Kochi anakonzeka kulandira diso la mkwiyo, mwina likanamupepukitsa. Koma mlamu wake anavula chipewa.

"Pepani alamu," anatero chapansipansi. "Munandiimira, ine ndakuchititsani manyazi. Mwina mutu wangawu unaonongekadi. Mlongo wanga musamuuze inu, ndikamuuza ndekha."

"Musadandaule, alamu," anatero Kochi. Anadzimva yekha akunena zimenezo, ndi mawu ofatsa, a munthu amene akukhululukira mnzake. Pansi pakanang'ambika akanalowa ndi nsapato zomwe.

Amayi sankasiya nkhani isanasanduke phunziro. Analanda chingwe m'manja mwa Kochi, n'kulowetsa Pulofesa m'chipinda chake, kumuvula chingwecho, n'kukankha chitseko cham'munsi. Mutu wa kavaloyo unatulukira pamwamba pake monga mwa masiku onse.

"Yang'anani nonse awiri. Kukoka. Kutsitsa kachitsulo. Basi. Pakufunika digiri pamenepa?"

"Ayi, Amayi," anayankha wosesayo.

"Tsono chitseguke chokha tione."

Kochi anayang'ana Pulofesa, n'kumupempha ndi maso kuti angokhala kavalo wamba kwa mphindi zisanu zokha. Pulofesa anadikira mwaulemu mpaka Amayi atachotsa dzanja. Kenako anaweramitsa khosi, anakweza kachitsuloko ndi mlomo wam'mwamba, anakaluma ndi mano, n'kukokera kumanja. Khwatcha. Anakankha chitseko ndi chifuwa, n'kutuluka.

"Mayo ine," anatero Amayi.

Kavaloyo sanalowere kugeti. Anawalambalala Amayi, analambalala wosesa ndi tsache lake, n'kukaima pamaso pa Kochi. Anagunda thumba lamanzere la jekete ndi mphuno, kamodzi, kawiri, n'kuimika makutu kudikira malipiro a ntchito yabwino. Ndipo dzanja la Kochi, limene linachita zimenezi kambirimbiri, silinadikire kufunsa mutu. Pamene mwini wake ankazindikira, kaloti anali kale pachikhatho, Pulofesa akutafuna.

M'kholamo munangomveka mano a kavalo. Amayi anayang'ana thumba lija, anayang'ana mpiringidzo, kenako anapinda manja pachifuwa. Kochi anatsegula pakamwa, koma zoti anene zinali zitanenedwa kale, ndiponso momveka bwino kuposa mmene iye akanazinenera.

Wosesayo anatsamiritsa tsache kukhoma pang'onopang'ono. Anavalanso chipewa chake. Sanakweze mawu.

"Alamu," anatero, "ndiye mukanangondisiya ndipite?"