Umboni wa Bambo Ake

Tsiku lomaliza kuwaona bambo ake ali moyo, mnyamata wina wa ku koleji anawapeza atatsamira pilo m'chipatala, magalasi ali pamphuno, akuchonga kalata yodandaula imene iye anawalembera. Bambowo anali ataphunzitsa Chingelezi zaka zambiri, mpaka pamene anawachotsa ntchito powanamizira kuti anatsegula envelopu ya mayeso tsiku lisanakwane.

"Iwe, apa walemba chiyani?"

"Refute, bambo. Kuti mukukana."

"Kukana ndiye aliyense amakana, ngakhale amene wagwidwa dzanja lili m'thumba la mnzake. Mawu amenewa ndi olemera, mwanawe. Amatanthauza kugwetsa bodza ndi umboni, wabodzayo n'kusowa chonena. Nanga umboni uli pati m'kalatamu? Ku koleji kwanuko mumangopitira chakudya?"

Anaseka, kenako chifuwa chinawagwira mpaka misozi. Chitaleka, ananong'ona kuti sankafuna kufa akutchedwa wakuba.

Mnyamatayo sanabwererenso ku koleji. Ankadziwa kuti mlonda wakale wa pasukulupo ankalemba m'kabuku aliyense wotenga kiyi wa chipinda cha mayeso. Koma mlondayo anali atapuma ntchito n'kusamuka, kabuku n'kupita nako. Anamufunafuna milungu itatu, uyu akuti pita uko, uyo akuti sindimudziwa. Anamupeza akusoka nsapato pakhonde la sitolo. Mlondayo anamupatsa kabuku kaja, ndipo patsamba la tsiku limene envelopu inatsegulidwa panali siginecha ya wachiwiri kwa ahedi. Dzina la bambo ake panalibe.

Ali m'basi pobwerera, kabuku kali m'malaya, mlongo wake anaimba foni. Bambo anali atatisiya m'mawa womwewo, pa 19 Juni.

Maliro atatha anapitabe ku ofesi ya zamaphunziro. Kalaliki sanakatsegule n'komwe kabukuko.

"Pepani achimwene, mwavutika chabe. Nkhani imeneyitu inatha kalekale. Wolakwayo anaulula yekha."

"Ndiye bwanji simunawauze?"

"Kalata inalembedwa, abwana anasaina. Koma wotumikira anali pa tchuthi."

Anafufuza m'thireyi, pansi pa mafayilo ndi kapu ya tiyi wozizira, n'kuitulutsa. Inali yaifupi, mizere inayi. Inkati aphunzitsiwo alibe mlandu, ndipo abwerere kuntchito Lolemba. Mnyamatayo anaiwerenga ataimirira, kawiri konse, kenako anayang'ana chidindo chapamwamba.

Pa 3 Juni.