Mayi Nakhumwa Si Akuno

Mayi Mabel Nakhumwa ankalemba ndandanda ya mayeso pamene a Hezron Mhango, wapampando wa komiti ya sukulu, analowa mu ofesi. Mpando anaukana. Chipewa ankangochitembenuza m'manja.

"Mama, dzina talitumiza kale ku ofesi ya maphunziro. Ahedi akhala a Vitumbiko Gondwe."

Mayi Nakhumwa anaika cholembera pansi. Pasukulu ya mishoniyi, kumapiri a Nchenachena, anali atakhalapo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo chipumireni ahedi akale, iwo ndiwo ankaiyendetsa. Vitumbikoyo anamuphunzitsa okha mu sitandade 8.

"Ndalakwa chiyani, dada?"

"Palibe. Ntchito yanu timaiyamikira chomene. Koma makolo akuti sukuluyi anamanga ndi agogo awo, ndiye akufuna mwana wakuno. Akuti inu tsiku lina mudzabwerera kwanu ku Mulanje."

"Kwathu? Amuna anga munawanyamula ndinu, n'kukawaika kuseri kwa tchalitchi uko. Nyimbo ya kumanda munayambitsa ndinu. Tsiku limenelo simunandifunse za kwathu."

A Mhango anayang'ana pansi. "Ine ndinakuyankhulirani, mama. Koma ndinali ndekha."

Mawu amenewo ndiwo anawalasa kwambiri. Mu komitimo munalinso Ida Msiska, woimira aphunzitsi, mnzawo wapamtima amene anawaphunzitsa Chitumbuka atangofika kumene.

Nthawi yopuma anam'peza Ida kuseri kwa kalasi.

"Unalimo, Ida. Unanenapo chiyani?"

"Anthu onse aja ndi abale anga, Mabel. Ndikanatsutsa ndikanayenda bwanji m'mudzi muno?" Ida anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Koma usangokhala chete. Lamulo silola kum'mana munthu udindo chifukwa cha kumene anachokera. Kadandaule."

"Lamulolo ukulikumbukira lero? Dzulo linali kuti?"

Belu linalira, aliyense analowera kwake.

Lachisanu Vitumbiko anabwera kudzatenga makiyi. Anaima pakhomo, manja kumbuyo, ngati akadali mwana wasukulu.

"Madamu, ine sindinapemphe zimenezi."

"Ndikudziwa. Koma sunakanenso. Loko wa kabatiyo amavuta, uzikankha chitseko kaye."

Anam'patsa makiyiwo mmodzimmodzi, akumuuza uyu ndi wa kuti, uyu ndi wa kuti. Atatha anatenga buku lawo la nyimbo ndi kapu yawo, n'kutuluka.

Kalata yodandaula anailemba Loweruka, ndipo anaipereka kwa dalaivala wodziwana naye kuti akaisiye ku ofesi ya maphunziro ku Rumphi. Ngati idzayankhidwe sankadziwa.

Lamulungu kutchalitchi, amayi a chigwirizano ataimirira kuti aimbe, panali mpata pamzere wakutsogolo, pamene Mayi Nakhumwa ankaima nthawi zonse. Anadikira pang'ono, akucheukira kukhomo. Mayi Nakhumwa anali atakhala pabenchi lakumapeto, pamene pamakhala alendo. Nyimbo inayamba popanda iwo.